Bedford, lole ya asilikali yokana kufa, ndi fumbi lake

Kwa akuluakulu ambiri a ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa, dzina loti Bedford limangotanthauza lole basi. Malole ochepa omwe atsala amatuta mchenga ndi njerwa, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu wamba. Koma mbiri yolimba ya dzinali inachokera kunkhondo.

Malolewa ankapangidwa ku Britain ndi kampani ya Vauxhall, ku Luton kenako ku Dunstable. Pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, imene asilikali a King's African Rifles ochokera kuno anakamenya mpaka ku Burma, kunali mtundu wa QL, ndipo anapangidwa oposa 50,000. M'zaka za m'ma 1950 kunabwera RL, yomwe inakhala lole yodalirika ya asilikali a Britain kwa zaka zambiri. Asilikali a ku Rhodesia nawonso ankayendera yomweyi. Mtundu wa MK unalowa m'malo mwake cha m'ma 1970.

RL inali ndi injini ya petulo ya masilinda 6, ya malita 4.9, yotulutsa mphamvu ya mahatchi 110. Mapikiapu ambiri a lero amaposa apa. Nanga inkakwera bwanji mapiri itasenza matani atatu kapena anayi? Nkhani ili pa magiya. Kuwonjezera pa magiya anayi opita kutsogolo, inali ndi bokosi lachiwiri lomwe limatumiza mphamvu ku matayala onse anayi komanso kuchepetsa liwiro. Injini ikazungulira kambirimbiri pamene tayala lazungulira kamodzi, mphamvu yokoka imachuluka. Ndiye lole imayenda ngati nkhono, koma pamtunda wonga wa Thabwa, pochokera ku Chikwawa, siibwerera m'mbuyo. Inalinso yaitali kuchoka pansi, moti matope ndi zitsa sizinkaigwira pamimba. Mulibe kompyuta m'menemo. Makaniko wokhala ndi masipanala ndi khutu labwino amaidzutsa pansi pa mtengo.

Apa m'pamene azaumoyo amalowerera. Mabuleki ndi makilatchi a galimoto za nthawi imeneyo ankapangidwa ndi asibesitosi, mwala wa ulusi womwe sugwira moto. Bulekiyo ikamadyeka, fumbi lake limaunjikana m'kati mwa dilamu. Makaniko akatsegula n'kupemerera ndi pakamwa kapena ndi mpweya wa kompuresa, timaulusi tosaoneka ndi maso timalowa m'mapapo ndipo sitituluka. Matenda ake sathamanga. Amatha zaka 20, mwina 40, munthu asanayambe kubanika ndi kutsokomola, ndipo ena amadwala khansa ya m'mapapo kapena ya kachikopa kokuta mapapo. Wosuta fodya ndiye ali pangozi yoposa. Chomvetsa chisoni n'chakuti chifuwa chotere n'chosavuta kuchiyesa TB, makamaka ngati wodwala sanauze dokotala ntchito yomwe ankagwira ali mnyamata.

Kudziteteza sikulira ndalama zambiri. Nyowetsani dilamu ndi madzi a sopo musanaikhudze, pukutani ndi nsanza yonyowa, nsanzayo muitaye mutaimanga m'pulasitiki. Ovololo isapite kunyumba kukachapidwa pamodzi ndi zovala za ana. Kansalu kotseka pamphuno sikakwanira. Pamafunika masiki yosefa fumbi losalala.

Injini ya RL inapangidwanso m'nthawi ya petulo wothira mtovu, womwe umaononga ubongo wa ana. Mayiko a kumwera kwa Sahara anasiya petuloyu pofika 2006, ndipo Algeria inali yomaliza padziko lonse mu 2021. Vuto limenelo linatha. La asibesitosi lidakalipo, chifukwa General Motors, yomwe inali mwini wa Vauxhall, inasiya kupanga malole a Bedford m'zaka za m'ma 1980, ndipo eni malole otsalawo nthawi zambiri amadalira sipeya wogwetsa ku malole anzake akale.