Kumanga Nyumba Pafupi ndi Madzi

Likoma ndi chilumba cha pa Nyanja ya Malaŵi. Simenti ndi malata zimafika kumeneko pa sitima, monga Ilala, choncho mtengo wake ndi wokwera. Koma miyala ilipo yambirimbiri. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, ndi chamiyala. Chilipobe mpaka lero. Mwala sufuna nkhuni zowotchera ngati njerwa, ndiye mitengo imapulumuka.

Komabe womanga m'mbali mwa nyanja asaiŵale kuti madzi amakwera. Mu 2024 nyanja inadzaza, n'kuloŵa m'nyumba ku Mangochi ndi ku Salima.

Nanga ife a ku Kaliyeka? Nyanja tilibe, koma mu Disembala 2017 madzi osefukira anagwetsa nyumba kwathu kuno. Tsono pomanga tikumbukire izi:

1. Mangani pamtunda, kutali ndi mtsinje.
2. Maziko akhale amiyala, ofika m'maondo.
3. Denga lituluke kunja ndithu, kuti mvula isamenye khoma.
4. Kumbani ngalande kuzungulira nyumba.

Malo a m'dambo ndi otchipa, inde. Koma akuluakulu anati madzi saiŵala khwaŵa.