Ukwati Ukatha, Ana Apite Kuti?

Amayi anzanga, ukwati ukafika pothera, ankhoswe amakhala pansi n'kugawa mbale, mphasa, njinga ndi mbuzi. Pomalizira wina amafunsa kuti, "Nanga anawa?" Funso limeneli ndilo ndifuna tikambirane sabata ino, pakuti ambiri a ife timaliyankha ndi mwambo wokha, osadziwa kuti malamulo a dziko lino adasintha.

Mwambo tonse tikuudziwa. Kwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, ana ndi a kuchikazi. Mkamwini akamachoka amanyamula khasu ndi bulangeti lake, ana n'kutsala m'manja mwa mwinimbumba. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena, kumene mwamuna amapereka malowolo, ana ndi a kuchimuna, ndipo mayi amabwerera kwawo yekha, nthawi zina kusiya khanda longoletsedwa kumene kuyamwa. Miyambo iwiri yonseyi ili ndi ubwino wake, chifukwa mwana sasowa mtundu. Koma yonse imayamba ndi kufunsa kuti mwanayu ndi wa yani, pamene lamulo la lero limayamba ndi kufunsa kuti mwanayu akakhala bwino kuti.

Dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana m'chaka cha 1991. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo idakonza ndime 23 ya Malamulo Aakulu a dziko lino, kuti pa chigamulo chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo ukhale patsogolo. Chaka chomwecho idakhazikitsa lamulo lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, limene lidabweretsa mabwalo a milandu ya ana. Kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera angathe kupita ku bwalo lotere kukapempha kuti mwana azikhala naye, kapena kuti aziloledwa kumuona.

Tsono woweruza amayang'ana chiyani? Amayang'ana msinkhu wa mwana ndi kufunika kwakuti wamng'ono akhale ndi mayi ake. Amamvanso maganizo a mwana mwini wake. Ndipo amakumbukira kuti ana a mimba imodzi si bwino kuwalekanitsa. Mfundo yotsirizayi ndiyo imandikhudza mtima. Kodi simudaone ana akugawidwa ngati nkhuku pakhomo? Mnyamata amapita kwa atate ake kuti azikaweta ng'ombe, mtsikana kwa azakhali a m'tauni amene adalonjeza sukulu, koma kumeneko n'kukasanduka wolera ana ndi wotsuka mbale. Wamng'ono amatsala kwa agogo. Pakapita zaka zisanu anawa amakumana pa maliro ngati alendo. Achikulire amati tagawana mtolo, koma palibe adafunsa anawo.

Pano ndikuchenjezeni, amayi. Lamuloli silidanene kuti mayi ndiye wopambana nthawi zonse. Mayi amene amasiya ana ndi njala n'kukachezera kumowa, bwalo lingathe kupereka anawo kwa bambo kapena kwa agogo. Ndiponso musamawabise ana kwa atate awo chifukwa cha mkwiyo wa ukwati. Mlandu wanu ndi mwamuna si wa mwana. Nawo abambo adziwe kuti udindo wogula chakudya, zovala ndi zofunika kusukulu sutha chifukwa chakuti ana akukhala kuchikazi, ndipo bwalo lingathe kuwalamula kupereka chithandizo.

Za amayi amasiye nazo n'zowawa. Malinga ndi lamulo la mu 2011, kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo mkazi ndi ana a malemu ali patsogolo pa olandira chumacho. Kholo lingathenso kutchula m'kalata ya wilo munthu amene lifuna kuti adzalere ana ake. Ambiri timaopa kuti kulemba wilo ndi kuitana imfa. Ine ndimaopa kwambiri wachibale amene amatenga ana amasiye chifukwa waona nyumba ya malata. Kumbukiraninso kuti mu 2017 Malamulo Aakulu adasinthidwa, ndipo tsopano aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Womlera alibe mphamvu yomkwatitsa pofuna kuchepetsa pakamwa.

Ntchito yokonza siidathe ayi. Nkhani zambiri za ana zimathera kwa ankhoswe ndi kwa mfumu, kumene mawu a lamuloli sadafike bwino. Mabwalo ali kutali, ndipo ulendo wa kuboma umafuna ndalama. Bambo akalowera ku Joni, chigamulo cha chithandizo chimatsala pa pepala. Zimenezi tizinene m'magulu athu, ndipo aphungu athu akabwera tiwafunse.

Amene nkhaniyi yakugwerani, yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma lanu, kapena ku nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa. Osowa ndalama ya loya akafunse ku Legal Aid Bureau. Popita musaiwale kabuku ka kusikelo, kalata ya kubadwa ndi malipoti a kusukulu a mwanayo, pakuti zimenezi zimasonyeza amene wakhala akumsamala.