Intaneti ikakana kulowa mu virtual machine: poyambira kufufuza vuto

M'makomo ambiri a ku Manje, mumzinda wa Blantyre, intaneti imachokera pa kachipangizo ka MiFi kapena pa hotspot ya foni yokhala ndi bandulo ya TNM kapena Airtel. Apa ndi pomwe ophunzira za makompyuta, monga a pasukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Chichiri, amakumana ndi vuto lozunguza mutu: laputopu ili pa intaneti bwinobwino, koma virtual machine yomwe ili m'kati mwake ikukana, chonsecho tsiku lopereka ntchito ya kusukulu layandikira.

Virtual machine ndi kompyuta yongopangidwa ndi pulogalamu, monga VirtualBox kapena VMware, yomwe imagwira ntchito m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Ili ngati munthu wa lendi pa puloti ya eni: magetsi amawapeza podzera pa mita ya landilodi, apo ayi akhale ndi mita yakeyake.

Njira yoyamba ija imatchedwa NAT, ndipo ndi yomwe VirtualBox imasankha yokha poyamba. Virtual machine imalandira adiresi ya 10.0.2.15 n'kumatulukira pa intaneti m'dzina la laputopu. Njira yachiwiri ndi Bridged, pomwe virtual machine imapempha adiresi yakeyake kwa MiFi ngati chipangizo china chilichonse cha m'nyumbamo. Palinso Host-only, yomwe imangolumikiza makompyuta awiriwo basi. Amene wasankha imeneyi asayembekezere intaneti.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Asanathamangire kwa okonza makompyuta ku Limbe, munthu ayambe watsimikiza kuti bandulo ilipo komanso kuti laputopu yeniyeniyo ikutsegula masamba. Akatero aone pa Network, m'makonzedwe a virtual machine, ngati pa Cable Connected pali pochonga.

Kenaka afunse adiresi: alembe ipconfig ngati m'katimo muli Windows, kapena ip addr ngati muli Linux. Adiresi yoyamba ndi 169.254 ikutanthauza kuti makinawo anapempha adiresi koma palibe anawayankha. Izi zimachitika kawirikawiri pa Bridged, makamaka pomwe pasankhidwa adaputala ya waya koma laputopu ili pa Wi-Fi, kapena pomwe MiFi yakwanitsa chiwerengero cha zipangizo zomwe imalola. Bridged imavutanso magetsi akazima, munthu n'kusamukira pa hotspot ya foni, chifukwa virtual machine imakakamirabe adiresi yakale. Mankhwala achidule ndi kubwerera pa NAT n'kuyiyatsanso.

Adiresi ikakhala bwino, alembe ping 8.8.8.8, yomwe ndi adiresi ya seva ya Google. Yankho likabwera koma masamba osatseguka, ndiye kuti msewu ulipo, chavuta ndi DNS, dongosolo losandutsa mayina a masamba kukhala manambala. Kuika 8.8.8.8 yemweyo ngati DNS nthawi zambiri kumathetsa nkhaniyo. Yankho likapanda kubwera, ayang'ane VPN kapena firewall ya pa laputopu, zomwe zimatha kutseka njira.

Wotchi nayonso imasokoneza. Virtual machine yomwe inaimitsidwa kwa masiku angapo imatha kudzuka ndi deti lakale, ndipo masamba otetezedwa amakana kutseguka mpaka nthawi itakonzedwa.

Intaneti ikalowa, chenjezo limatsala pa thumba. Windows kapena Ubuntu yongoikidwa kumene imayamba kukoka ma update mwakachetechete, moti bandulo ya sabata yathunthu ingathe usiku umodzi. Kuyatsa Metered connection m'kati mwa virtual machine, kapena kuimitsa kaye ma update, kumateteza ndalama zomwe banja linapatula kuti mwana aphunzire.