Dzuwa Likada, Mvula Ikakana: Kodi Dziko Latha?

Chaka ndi chaka kumapeto kwa Febuluwale, Angoni a Mpezeni akasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, amakumbukira ulendo wa makolo awo wochokera kummwera. Mu mbiriyo muli tsiku limene Zwangendaba anawolotsa anthu ake pa Zambezi, pafupi ndi Zumbo. Akuluakulu ankasimba kuti tsikulo dzuwa linada usanasana. Olemba mbiri, mmodzi wa iwo E. H. Lane Poole amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda kuchigawo cha kummawa, anayerekeza nkhaniyo ndi mawerengero a akatswiri a zakuthambo, ndipo zinagwirizana: mu Novembala 1835 kunachitikadi kadamsana m'dera limenelo. Mdima umene unaopsa owoloka aja ndiwo ukuthandiza zidzukulu zawo kudziwa chaka chimene anawolokera.

Chikhalirecho dzuwa likada kapena nthaka ikagwedezeka, anthu a ku Chipata sasowa chonena. Chasintha ndi kumene amakafunsa. Kuchokera pamene amishoni a Dutch Reformed anamanga ku Magwero mu 1899, Baibulo lalowa pafupifupi m'nyumba iliyonse, ndipo zachilendo zikaoneka ambiri amathamangira ku Mateyu 24 ndi Luka 21, komwe Yesu akutchula nkhondo, njala ndi zivomezi, kapena ku Yoweli 2 ndi Chivumbulutso 6, komwe kukunenedwa za dzuwa lakuda ndi mwezi wofiira. Pamsika wa Kapata, m'minibasi ndi pamaliro mawu ake ndi amodzi: "Ano ndi masiku otsiriza."

Amene anatchula tsiku

Kuwerenga zizindikiro kuli ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo ili ku Mwami, kufupi ndi malire a Malawi, komwe mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikitsa mishoni ndi chipatala m'zaka za m'ma 1920. Alaliki akale a mpingowu ankatchula zochitika zitatu monga kukwaniritsidwa kwa ulosi: chivomezi cha ku Lisbon cha pa 1 Novembala 1755, mdima umene unagwa masana ku New England pa 19 Meyi 1780, ndi nyenyezi zimene zinaoneka zikugwa usiku wonse ku America pa 13 Novembala 1833. Otsatira mlaliki William Miller anafika poyembekezera kubwera kwa Yesu pa 22 Okutobala 1844. Tsikulo linacha n'kuda monga masiku onse. Mpingo wa Adventist, umene unabadwa mwa anthu okhumudwawo, umaphunzitsabe kuti Ambuye ali pafupi, koma sutchulanso tsiku.

Kutsidya kwa malire, ku Nkhata Bay, Elliot Kenan Kamwana anabatiza anthu pafupifupi 10,000 mu 1908 ndi 1909. Ankalalikira chiphunzitso cha Watch Tower chakuti maufumu a dziko adzatha mu 1914, ndipo kwa anthu otopa ndi msonkho uthengawo unali wokoma. Atsamunda anamuthamangitsa m'dzikolo, koma uthengawo unayenda ndi anthu opita kumigodi mpaka unafika ku Northern Rhodesia. Chaka cha 1914 chinabweretsa nkhondo yaikulu, koma maboma anakhalapobe. Mboni za Yehova, zimene zinachokera m'gulu la Watch Tower, lero zimaphunzitsa kuti m'chaka chimenecho Khristu anayamba kulamulira kumwamba mosaoneka.

Za posachedwa ambiri akuzikumbukira. Harold Camping wa ku America analengeza kuti tsiku la chiweruzo lidzakhala 21 Meyi 2011. Alaliki monga John Hagee anagulitsa mabuku onena za miyezi inayi yofiira ya mu 2014 ndi 2015. Zonsezo zinapita, sukulu n'kutsegulidwa monga kale.

Chimene chimachitika kumwamba ndi pansi

Kadamsana wa dzuwa amachitika mwezi ukadutsa pakati pa dzuwa ndi dziko, chithunzithunzi chake n'kugwera kadera kochepa. Pa 21 Juni 2001 Lusaka inada kwa mphindi zoposa zitatu, pamene ku Chipata, kunja kwa njira ya chithunzithunzicho, dzuwa linangophimbika mbali yaikulu. Alendo ochokera kutali anali atalipiriratu malo ogona, chifukwa tsiku ndi ola zinadziwika kalekale. Kadamsana wofanana naye amabwereranso pakapita zaka 18 ndi masiku 11: wa 2001 uja anaonekanso pa 2 Julaye 2019, ulendo uno ku Chile ndi Argentina.

Mwezi umafiira dziko likaima pakati pa dzuwa ndi mwezi. Kuwala kochepa kumene kumaufika kumadutsa mumpweya wozungulira dziko, ndipo mpweyawo umamwaza mitundu ina n'kusiya wofiira. Ndi zimene zinaoneka pa 27 Julaye 2018, kwa ola limodzi ndi mphindi 43. Nyenyezi zakugwa za mu 1833 zinali tizidutswa tosiyidwa ndi nyenyezi ya mchira yotchedwa Tempel-Tuttle, imene imazungulira dzuwa pa zaka 33 zilizonse. Mdima wa mu 1780 unachokera ku utsi wa nkhalango zopsa wosakanikirana ndi chifunga, monga momwe dzuwa limafiirira kuno mu Okutobala tchire likamapsa.

Zivomezi nazo zili ndi kwawo. Chigwa cha Luangwa ndi nyanja ya Malawi zili m'ming'alu ikuluikulu momwe nthaka ya Africa ikutanuka pang'onopang'ono. Chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 ndi zija za ku Karonga za mu Disembala 2009 zinachokera m'menemo.

Mipingo siwerenga mofanana

Kudziwa chimene chimayambitsa chinthu sikutseka mtsutso. Wokhulupirira angayankhe kuti Mulungu amene anaika mwezi m'njira yake angalankhulenso kudzera mwa mweziwo, ndipo sayansi ilibe chida choyesera mawu otere. Kumene mipingo imasiyana ndi pa kamasuliridwe ka malemba. Akatswiri ambiri a Baibulo a Katolika ndi a Reformed amaona kuti mbali ina ya Mateyu 24 ikunena za kugwa kwa Yerusalemu m'chaka cha 70, ndi kuti zivomezi ndi njala ndi chikumbutso kwa mbadwo uliwonse kuti ukhale tcheru. A Adventist ndi Mboni za Yehova amaika zizindikirozo m'ndondomeko ya mbiri ya dziko. Pakati pa a Pentekosite, ena amalumikiza tsoka lililonse ndi vesi lake, ena amakana kutero. Komabe onsewa amawerenga Mateyu 24:36, pomwe Yesu akuti tsikulo likudziwika ndi Atate okha.

Pamene chizindikiro chagwera m'munda

Kadamsana sapha mbewu, koma chilala chimapha. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lili pa ngozi: mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anali atawonongeka, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Madzi atatsika ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anapha anthu oposa 600 kummwera kwa Malawi, ena oposa 500 osapezeka, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche, lomwe mitengo yake inatha ndi nkhwangwa, anakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre.

Apa m'pamene kamasuliridwe kamakhudza mimba. Munthu akatsimikiza kuti zonse zinalembedwa ndipo palibe chochita, saona chifukwa chogulira mbewu yocha msanga, chosungira chimanga m'nkhokwe kapena cholekera kutentha makala m'phiri. Vutoli si latsopano: mtumwi Paulo, m'kalata yake yachiwiri kwa Atesalonika, atawachenjeza kuti asatekeseke ndi mphekesera za tsiku la Ambuye, anadzudzulanso ena mwa iwo amene anasiya kugwira ntchito. Amishoni a ku Mwami ankayembekezera Yesu ndi mtima wonse, komabe anaumba njerwa n'kumanga chipatala chimene chikuthandiza odwala mpaka lero.

Chilala cha 2024 sichinabwere mobisa. Bungwe la World Meteorological Organization linalengeza pa 4 Julaye 2023 kuti El Niño, kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kummwera kwa Africa, wayamba. Apo n'kuti kutatsala miyezi inayi kuti alimi a ku Chipata, Katete ndi Chadiza ayambe kubzala. Nthambi ya boma yoona zanyengo imatulutsa chiyembekezo cha mvula chaka chilichonse dzinja lisanayambe. Abusa, ansembe ndi akulu a mpingo, amene amakumana ndi alimi ambiri sabata iliyonse kuposa mlangizi aliyense, angachite bwino kuwerenga uthenga umenewo pa nthawi ya zolengeza, anthu asanagule mbewu.