Kadziwe ka pambali: pobisala tiana ta nsomba, pophikira chakudya chawo

Ife amene tinakulira ku gombe timadziwa kumene tiana ta chambo timathawira mayi wake akangotilavula m'kamwa: m'mabango ndi m'udzu wa m'madzi osaya. Mmenemo chakudya chilipo, ndipo ncheni sizifikamo mwachisawawa. N'chifukwa chake khoka la maso ang'onoang'ono likakokedwa m'malo otere, chaka chamawa timalira usiwa wa chambo. Lero tikufuna tikambirane mmene malo obisalira oterewa tingawapangire pa dziwe lokumba, potengera zomwe zimatheka kumtunda, ku Mitundu ndi ku Nathenje, komwe nyanja kulibe koma madambo alipo, ndipo sukulu ya Bunda ya LUANAR imaphunzitsa ulimi wa nsomba pafupi ndi Mitundu pomwepo.

Nzeruyi ili ndi abale ake kutali. Anthu a maiko akunja amene amaweta nsomba za m'nyanja yamchere m'matanki agalasi amalumikiza katanki kachiwiri komwe amakatchula kuti refugium. M'katankimo simukhala nsomba zolusa. Mumamera ndere za m'nyanja zomwe zimayamwa zonyansa za nsomba, ndipo tizilombo tating'onoting'ono timaswanamo mosatekeseka, kenako madzi amatikokera ku tanki yaikulu kukakhala ndiwo za nsomba. Iwo amayendetsa madzi ndi pampu. Ife pampu yathu ndi kutsetsereka kwa nthaka basi.

Choncho kadziweko tikumbe kumtunda kwa dziwe lalikulu, pamene madzi a mu ngalande amayambira kufika. Mamita 2 m'lifupi ndi 5 m'litali n'kokwanira banja, ndipo kuya kwake madzi azilekeza m'mawondo. Pansi ndi m'mbali tiponderetse dothi la makande kuti madzi asamathawe. Paipi yolowetsa madzi ndi yotulukira ku dziwe lalikulu zonse tizimange sefa. Sefa ya polowera imatsekereza mlamba wa m'tchire ndi achule, ya potulukira imaletsa nsomba zazikulu kukwera. Chonde, neti ya udzudzu ayi. Mankhwala ake amapha nsomba, ndiponso paja inaperekedwa kuti ana agonemo.

Ntchito yoyamba ya kadziweka ndi yosaoneka bwino koma ndi yaikulu. Mvula ikagwa, madzi amabwera ndi matope a m'minda. Akaima kaye m'kadziwe, matope amakhazikika pansi, ndipo dziwe lalikulu limalandira madzi oyera omwe dzuwa lingalowemo. Matope aja tikamawachotsa pa chilimwe, ndi manyowa a m'dimba.

Yachiwiri ndi kuphika chakudya. Tiike manyowa a nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe m'thumba, n'kulimangirira pa chikhomo pa ngodya, osawamwaza. Alipo alimi omwe amamanga khola la nkhumba pamwamba pa dziwe. Ife njira imeneyo si yathu, ndipo sitiluza kanthu chifukwa zitosi za nkhuku n'zamphamvu kale. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri madzi amabiriwira. Kubiriwirako ndi ndere zazing'ono zomwe makumba ndi chambo zimadya, ndipo pa nderezo pamadyanso tizilombo timene tiana ta nsomba timakonda. Poyeza, tiviike mkono. Chikhatho chikayamba kusowa madzi atafika m'chigongono, ndiye kuti zili bwino. Chikasowa madzi ali pafupi ndi dzanja, manyowa achuluka, thumba lija tilivuule.

Mbali ina ya kadziwe tingadzalemo azolla, kachomera koyandama kamene kamadzipangira feteleza kuchokera mu mpweya. Nyengo ikakhala yabwino kamachulukana kawiri m'masiku osakwana sabata. Chilunguni, chomwe ndi nsomba yodya masamba, chimakadya, nkhuku ndi abakha nazonso. Koma apa ndi pamene ambiri amagwa nazo. Azolla akaphimba madzi onse, dzuwa sililowa, ndere za pansi zimafa, mpweya umatha. Tiyandamitse nsungwi kuti akhale theka limodzi lokha, ndipo tizivuula tsiku ndi tsiku. Kuvuulako ndiko kuyeretsa madzi, si nanga zonyansa zomwe chomeracho chayamwa zimatulukira momwemo. Namasupuni musamuyese n'komwe. A ku Shire akudziwa zomwe amachita.

Tikafuna kulereramo tiana ta makumba, tiziwola ndi kasefa m'mbali mwa dziwe lalikulu m'mamawa, n'kutisunga m'kadziwe mpaka tifike kutalika ngati chala. Tiziika ofanana msinkhu, poti okulirapo amadya anzawo. Gaga wosefa pang'ono amakwanira. Pamwamba tidutsitse zingwe kuti akakowa asatere, ndipo mpanda wa bango utchinge ng'anzi ndi katumbu. Mpanda womwewo ndi woteteza ana athu okwawa, chifukwa madzi a m'mawondo a munthu wamkulu ndi akuya kwa mwana. Udzu wa m'mbali tizimweta kuti nkhono zofalitsa likodzo zisowe pokhala.

Nthawi yabwino yoyendera dziwe ndi pochokera ku swala ya Fajr. Usiku ndere sizipanga mpweya koma zimaupuma, choncho m'bandakucha ndi pamene mpweya umachepetsetsa. Tikaona nsomba zikuyasamula pamwamba, tsiku limenelo tisadyetse, manyowa tichotse, madzi atsopano tilowetse.

Kusiyana kumodzi ndi kwathu kunyanja ndi kuzizira. Lilongwe ili pamwamba, kupitirira mamita 1,000, ndipo mu June ndi July madzi osaya amazizira msanga usiku, nsomba n'kusiya kudya ndi kuswana. A ku Mitundu ndi Nathenje ayambe kulera tiana kukayamba kufunda, cha mu September kapena October. A ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota nyengo yawo ndi yaitaliko, koma dothi la mchenga limawavuta, moti makande a pansi pa kadziwe mwina mpaka akawatute pa chulu.