Selo limodzi lokha, koma limagwetsa munthu wamkulu

Munthu akafika kuchipatala ku Nkhotakota thupi likutentha, mutu ukuwawa, koma atamuyeza malungo osapezeka, achipatala odziwa dera lino amafunsa ngati amakhala kapena kulima pafupi ndi nkhalango yotetezedwa. Akavomera, dontho la magazi ake limapita pa kagalasi, kagalasi n'kupita pa maikulosikopu. Pakati pa maselo ofiira a magazi, omwe amaoneka obulungira, nthawi zina pamapezeka kanthu kowonda kakupiringizika ngati mlamba wa m'matope. Kameneko ndi Trypanosoma brucei rhodesiense, kachilombo koyambitsa kaodzera, komwe kamalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi kashembe. Nkhotakota, Kasungu ndi Rumphi ndi maboma amene matendawa amadziwika kwambiri m'Malawi muno.

Wophunzira Biology kusekondale aime kaye pa kachilomboka, chifukwa thupi lake lonse ndi selo limodzi basi. Zigawo zomwe amaloweza pokonzekera mayeso a MSCE zili momwemo. Kunja kuli kachikopa kopyapyala, cell membrane, kamene kamasankha zolowa ndi zotuluka. M'kati muli madzi olenda otchedwa cytoplasm, ndipo muli nyukiliyasi yosunga DNA, malangizo onse a mmene selolo likhalire ndi kuswana. Muli mitochondrion, chigawo chomwe m'maselo athu chimatulutsa mphamvu kuchokera ku shuga. Kuwonjezera apo kali ndi kamchira kosambirira m'magazi.

Ukathyali wake uli pa kachikopa kaja. Kachilomboka kamadzikuta ndi mapuloteni a mtundu umodzi, ndipo chitetezo cha m'thupi chikangowazindikira n'kuyamba kupha, tizilombo tina timakhala titasintha kale mtundu wa mapuloteniwo. Totsalato timaswananso, thupi n'kuyambiranso kutentha. N'chifukwa chake katemera wa kaodzera sanapezeke mpaka lero, ngakhale kachilomboka kanadziwika mu 1910 pa wodwala wochokera m'chigwa cha Luangwa ku Zambia.

Apa mpomwenso pagona nkhani ya mankhwala. Amoxicillin, yemwe anthu amathamangira kukagula akangomva kuphwanya m'thupi, amagwira ntchito poononga khoma la selo la bakiteriya. Kachilombo ka kaodzera kalibe khoma limenelo. Selo lake n'lofanana kwambiri ndi lathu, choncho kupeza mankhwala opha iko n'kusiya mwini thupi ndi ntchito yaikulu. Kwa zaka zambiri odwala amene kachilomboka kafika kuubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi poizoni wa arsenic, omwe ankapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse. Mapiritsi ena a kaodzera otchedwa fexinidazole, amene anayesedwa ku Rumphi ndi ku Uganda, anavomerezedwa ndi akatswiri a ku Ulaya kumapeto kwa 2023.

Nawo maselo ofiira aja ali ndi zawo. Ndi aang'ono moti oposa 100 atandondozana ndi pomwe angakwane milimita imodzi. A munthu akakhwima amataya nyukiliyasi kuti mpata wonse upite ku haemoglobin yonyamula mpweya wa okosijeni, motero sangaswane, ndipo amatha pakapita masiku pafupifupi 120. (A chambo ndi nsomba zina za m'nyanja amasunga nyukiliyasi yawo.) Kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, kamabisala m'kati mwa maselo amenewa, n'kuswana mpaka kuwaphulitsa pakatha maola pafupifupi 48. Mwana wodwala malungo akayera m'maso ndi m'manja, maselo ake ofiira akutha msanga kuposa mmene mafupa ake akupangira atsopano.

Selo la chomera silisowa kukalifuna kutali. Amayi a m'mbali mwa nyanja akamaviika chinangwa chowawa kuti apeze ufa wa kondoole, amakhala akuchita sayansi ya maselo. Selo la chinangwa lili ndi khoma lolimba kunja, ndi kathumba ka madzi m'kati kotchedwa vacuole. M'kathumbamo muli kemikolo yotchedwa linamarin, pomwe enzyme yoiphwanya ili kukhoma, ndipo ziwirizi sizikumana selo likakhala lamphumphu. Chinangwa chikakhala m'madzi masiku angapo n'kufewa, maselo amasweka, ziwirizo zimakumana, ndipo poizoni wa cyanide amatuluka n'kupita ndi madzi, wotsala n'kuuluka poyanika. Wovuula chinangwa chisanafewe chifukwa cha njala kapena changu cha kumsika amasiya poizoniyo mu ufa.

Katswiri wa sayansi Robert Hooke anaona maselo mu 1665 ndi maikulosikopu yachikale kuposa ya m'labotale iliyonse ya lero, koma ana ambiri a m'sukulu zoyendera za m'midzi amafika Fomu 4 asanasuzumireko selo ndi maso awo. Ndikuona kuti apa tikuwalakwira. Kakhungu ka anyezi, dontho la ayodini ndi maikulosikopu imodzi yobwereka kusukulu yoyandikana nayo ndi zokwanira kuti kalasi yonse ione khoma la selo ndi nyukiliyasi. Aphunzitsi ndi makomiti a sukulu, yambirani pamenepo teremu ino.