N'chifukwa chiyani maso a kambuku amawala usiku?

Mukatsata msewu wa M12, wodutsa pa Mpingu ndi pa Namitete, mpaka ku Mchinji n'kuwolokera ku Chipata, ndiye kuti mwayandikira nkhalango ya South Luangwa, yotchuka ndi akambuku. Kuno kwathu, bungwe la African Parks linabwezeretsa akambuku ku Majete mu 2011, mikango mu 2012. Koma masana nyamazi zimavuta kuziona: mkango umagona m'udzu wofanana ndi ubweya wake, kambuku amabisala mumtengo. Choncho operekeza alendo amatuluka usiku ndi tochi yamphamvu, kufunafuna timadontho tiwiri towala.

Ndikafunsa m'kalasi, ambiri amati masowo amayaka okha. Ayi ndithu. Kuseri kwa retina, mbali ya diso yolandira kuwala, nyamazi zili ndi kachigawo konga galasi, kotchedwa tapetum lucidum. Kuwala kumene kwadutsa retina osagwidwa kumagunda pamenepo n'kubwerera, motero diso limakugwiritsa ntchito kawiri. Kotsalako kumatuluka, kulunjika komwe kunachokera. Anthufe tilibe kachigawoka, n'chifukwa chake mumdima ngakhale mphaka amatiposa.

Yesani madzulo ano ndi mphaka kapena galu wapakhomo. Gwirani tochi pafupi ndi mphumi, mumuunike: maso aja mbee! Kenako mnzanu aime chapambali ndi tochiyo, aunikenso. Muona kuti kuwala kuja kwachepa. Mungounika pang'ono, musamuthobwe m'maso.

Rifulekita ya njinga imabwezanso kuwala kwa galimoto chimodzimodzi. Musamapalase usiku pamsewu popanda iyo.